Pulinta ya Kunyumba kwa Bwana

Lolemba, 3 Juni

Yagwanso. Osati seva yonse, koma mbali yake yotumiza mapepala ku mapulinta. Madepoti athu onse amagwirira ntchito pa seva imodziyi, kompyuta yaikulu ya kampani, aliyense ali kutali. Mbali imeneyo ikafa, palibe wopulinta. Popanda pepala lotulutsira katundu, mlonda satsegula geti. Malole a simenti pamzere mpaka kumsewu.

Mayi a ku depoti yaikulu pa foni: "Achemwali, ndiyambe kulemba pamanja? Cholembera ndili nacho, chimene ndilibe ndi inu."

Kenako Bwana, kuchokera kunyumba, mwendo ukadali mu pulasitala: "Lachisanu kukubwera malole a kasitomala wathu wamkulu. Ikadzagwa tsiku limenelo, mudzalongedze zanu." Anamaliza ndi kundifunira tsiku labwino.

Lachiwiri, 4 Juni

Wogulitsa mapulinta wabwera, tayi yofiira, fungo la pefyumu mpaka m'chipinda cha seva. Mankhwala ake ndi amodzi pa matenda onse: ikani dalaiva watsopano. Ndinamufunsa ngati anamuyesapo pa seva ya anthu ambiri. Akuti pa laputopu yake amayenda bwino kwambiri.

Dalaiva ndi kapulogalamu komasulira pakati pa kompyuta ndi pulinta, basi. Pa kompyuta ya munthu mmodzi, woipa amavutitsa mwini wake yekha. Pa seva onse amagona chipinda chimodzi; mmodzi akagwetsa nyali, onse mumdima.

Ndawaona madalaiva amene tili nawo. Mulu. Amene ndinalowa m'malo mwake sankakana munthu. Muli ngakhale wa pulinta imene panopa amaikapo maluwa polandirira alendo.

Mutu ukuwawa. Nsapato ya mwana yang'ambikanso.

Lachitatu, 5 Juni

Ndaika nthawi zimene yakhala ikugwa pambali pa nthawi zimene anthu amalowa pa seva. Dzina limodzi likubwerabwera. Ndinayang'ana kawiri, ndinapita kukamwa madzi, ndinabwera lidakali pomwepo.

Bwana.

Akalowa ali kunyumba, pulinta yawo imalowa nawo. Ija anawagulira mwana wawo wamkazi, yotulutsa zithunzi zonyezimira. Dalaiva wake ndi waulemu kwambiri: asanapulinte amatsegula kawindo kofunsa ngati tikufuna kugula inki. Pa seva palibe munthu woti ayankhe. Ndiye amadikira, kenako amakomoka, n'kugwetsa anzake onse. Kampani yonse kuima chifukwa cha funso la inki.

Ndafotokozera bambo a mwana uku akutsuka mbale. Ati: "Mayi, bwana sauzidwa kuti vuto ndi iye. Amauzidwa kuti vuto lapezeka." Ndati umboni ndi umboni. Ati umboni sulipira lendi.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinayesa kuwauza Bwana pa foni. Ndinayamba bwinobwino, ndi mwendo wawo. Nditangotchula pulinta: "Yanga ndiyo yatsopano kuposa zonse pakampani pano. Yang'anani zakalezo. Yangayo musaikhudze." Foni thi.

Chabwino. Madepoti onse ndawasamutsira kwa dalaiva mmodzi, wakale, wosakongola. Sadziwa mitundu, safunsa mafunso. Mabuku onse amene ndawerenga amavomerezana pamenepa, kungoti amanena m'masamba ambiri: pa seva sankha wotopetsa. Ndamuyesa pa seva yoyeserera, mapepala ambirimbiri, kuzimitsa pulinta pakati, kutulutsa munthu mwadzidzidzi. Osagwedezeka. Ndikanakhala mtsikana ndikanakwatiwa naye.

Madalaiva ena onse ndachotsa. Wa Bwana sindinamukhudze, monga ananenera. Ndangomupatsa chipinda chakechake. Seva imalola zimenezo, kuti akagwa agwe yekha. Ofesi yapadera. N'zoyenera udindo wake.

Mayi a ku depoti adandaula kuti chizindikiro cha kampani chikutuluka chotuwa. Ndawafunsa ngati mlonda amawerenga mtundu.

Lachisanu, 7 Juni

Sindinadye m'mawa, ine amene ndimauza anthu kuti makina alibe mwayi kapena tsoka.

Malole anafika. Mapepala akutuluka. Ndinaona dzina la Bwana likulowa, pulinta yawo pambuyo ngati mthunzi. Dalaiva wawo anafunsa za inki, anadikira, anagwa. Yekha. M'chipinda chake. Kunja geti likutseguka ndi kutsekeka.

Bwana anaimba. "Yagwa eti?" Mawu a munthu amene wakonza kale zonena. Ndati ayi, Bwana, lole yomaliza ikutuluka. "Nanga ine bwanji sizikutuluka?" Ndati ndifufuza.

Mayi a ku depoti sanaimbe tsiku lonse. Kuno ndiye kuthokoza kumeneko.

Ndinalowa ku bafa n'kulira pang'ono. Palibe chifukwa chomveka.

Lachiwiri, 11 Juni

Bwana abwerera ku ofesi, ndodo m'manja. Msonkhano wa onse. Anandiimiritsa, anthu anaomba m'manja, ntchito ndatsala nayo. Ndinali nditayamba kukhala pansi.

Bwana ati aganizira kwambiri za Lachisanu. Pulinta yawo yokha ndiyo inakana, ndipo chifukwa n'choonekeratu: chinthu chamakono sichingagwirizane ndi zachikale. Kampani ngati yathu siyenera kutulutsa chizindikiro chotuwa. Choncho alankhula ndi wa tayi yofiira uja. Depoti iliyonse ilandira pulinta yofanana ndi yawo, ndi dalaiva yemwe uja wa kufakitale, ndipo woika ndine, "popeza mwaonetsa kuti mumazitha."

Anthu anaombanso m'manja.

Dalaiva mmodzi, chipinda chimodzi. Ndiye kuti madepoti onse asamukira mu ofesi yapadera ija, kukadikira limodzi yankho la inki.

Mayi a ku depoti anandinong'oneza potuluka: "Yanga yakaleyo ndikaibisa kuseri kwa matumba. Inu kauzeni munthuyo zoona, achemwali, ife tatopa."

Mapepala a umboni ali m'chikwama kuyambira Lachitatu, apindika m'makona. Bambo a mwana sindiwauza. Chitseko cha Bwana n'chotsegula, ndikumva ndodo ikugogoda pansi, akuyimba kanyimbo. Ndimalize tiyi kaye, kenako ndikalowa nawo.