Akuyang'ana Kugeti

Chawama, Lusaka
9 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali Kulthum,

Ine ndili bwino. Kaya miyendo yanu ija yaleka kutupa?

Mwapempha zithunzi za ukwati wa Nusra, poti matenda anakuletsani kubwera. Mukudziwa kuti ndinalumbira kuti phazi langa silidzaponda pa ukwati wa mwana wanga ndi Mkhristu. Silinapondedi. Koma achemwali, ndinapita.

Ndinaima tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi geti la paukwatipo ku Kaunda Square, kuseri kwa kantemba ka mayi wina wogulitsa tomato, nditamanga lensi yanga yatsopano ya zumu ku kamera. Chida chimenechi n'chabwino, ndisaname. Ukangochipotokola, munthu wakutali amabwera pamphuno pako. M'maukwati a ena sindisinthanso malensi pafumbi, sindiponda madiresi a eni ake, ndipo munthu ndimamugwira akuseka asanaumitse khosi. Mayi uja anandifunsa kuti, "Ba kamera, simungena? Vakudya vizasila!" Ndinayankha kuti sindingalowe kukadya, ndili pa ntchito. Bodza lenileni!

Koma zumu ili ndi nkhanza zake. Ndi yolemera, imafuna kuwala kwambiri, ndipo ukaikoka mpaka kumapeto, dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chimawonongeka. Akwatiwo anali mumthunzi wa tenti. Ine, wazaka makumi atatu pa ntchito imeneyi, manja anali gwedegwede. Zithunzi makumi anayi, zonse mbuu!

Chimodzi chokha ndicho chinatuluka bwino, atatulukira padzuwa. Chilekwa, mwamuna wakeyo, wamugwira dzanja, anthu akululutira, koma Nusra akuyang'ana kugeti. Kumutu wavala mpango wobiriwira uja wa malemu mayi ake. Ndachikuza pa kompyuta mpaka ndaona kuti sakumwetulira. Ndalira, achemwali, ndipo manyazi andigwira.

Pempho langa ndi ili. M'sutikesi imene ndinasiya kwanu ku Ndola muli kalensi kanga kakale, kakang'ono kaja. Mukatumize pa basi sabata ino. Kaja sikakoka munthu ayi. Kuti nkhope idzaze chithunzi, umayenda wekha mpaka kukaima pafupi, ndipo sungaime pafupi chotero osapereka moni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Koma Nusra akakuimbirani foni, musamupatsire moni wanga. Ndikapereka ndekha, ngati anganditsegulire chitseko.

Ine mlongo wanu wouma mutu,
Hatibu