Masofa a Pakati

Lolemba, 6 Meyi

Lero osagulitsa kanthu. Sabata yachiwiri iyi.

Zaka khumi ndi zinayi ndili m'sitolo ya mipando imeneyi, pa chigawo changa cha pakati, sindinaonepo zotere. Pamwamba, kwa masofa achikopa, mnzanga wa ntchito Kafungo wagulitsa seti yonse kwa munthu amene sanakhalepo n'komwe, wangoloza ndi kiyi wa galimoto. Kuseri, kwa mipando ya pulasitiki, anthu piringupiringu ngati kuchipatala. Ine pakati pano zii, kumangopukuta fumbi pa masofa anga ansalu. Abale, aphunzitsi aja, anamwino aja, akalaliki a m'maofesi aja apita kuti?

Bwana atuluka mu ofesi, ayeza chigawo changa ndi mapazi kuchokera kukhoma mpaka pachipilala. Mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kafungo ameneyu ntchito ndinamuphunzitsa ndine, chaka chatha chomwechi. Lamulo langa loyamba: kasitomala usamuyang'ane kumaso, yang'ana nsapato. Zatsopano zonyezimira, kwera naye pamwamba. Patapata, muloze kuseri. Koma nsapato yakale yopolishidwa bwino, yoti inapitako kwa osoka, ameneyo ndiye wathu. Munthu wa pamwezi. Amafunsa mtengo katatu koma amagula.

Lero zalowa nsapato zotero. Aphunzitsi a masamu aja ndinawagulitsa seti yabulauni atangokwatira. Kuthamanga kwake ine, mpaka kugunda tebulo ndi bondo! Tapatsana moni, akhala pa sofa, akuisisita. Kenako motsitsa mawu: "Mayi, kodi pano simugula masofa akale? Aja munandigulitsa aja akadali bwinobwino, ana sitiwalola kukhalapo." Ati asamukira m'kanyumba ka zipinda ziwiri, sofa sikulowa pakhomo.

Ndati sitigula. Manyazi agwira ine ngati wopempha ndine. Munthu wophunzitsa ana a eni zaka zonsezi. Asa!

Lachinayi, 9 Meyi

Msonkhano. Chigawo cha pakati chitsekedwa, malowo aikapo achikopa ena. Bwana ati, "Masiku ano anthu atsala awiri: wogula osafunsa mtengo ndi wofunsa mtengo osagula." Aseka okha. Pamwamba pakufunika munthu wachiwiri, wa malipiro a pamwezi. Kuseri kulibe malipiro, umadya zimene wagulitsa. Ati Lolemba ndikayesedwe pamwamba tsiku limodzi, akazi awo adzaone okha.

Kuyesedwa ine? Ine amene ndinaipeza sitolo ino ikudontha, tikutchera ndowa pakati pa masofa?

Ndawauza bambo a ana. Ayamba akweza wailesi kuti ang'onoang'ono asamve. Ati, "Ukapita kuseri, mwana wathu wamkulu uja achoke ku koleji basi. Ndalama yanga ya ku ofesi imathera pa lendi, ukudziwa." Ndikudziwa. Mwana watsala ndi chaka chimodzi chokha kuti akhale namwino. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachisanu, 10 Meyi

Anyamula masofa anga awiri ine ndikuona. Pamene anali patsala zizindikiro za miyendo pansi.

Loweruka, 11 Meyi

Ndapita ndi nsapato zanga zakuda kwa osoka, chidendene chinayamba kupendama. Akuluwo atazitembenuza ati, "Mayi, nsapato iyi ndaizolowera kuposa mkazi wanga. Kachitatu aka!" Ndaseka kuti ndisalire. Pa benchi pawo anthu amatayi okhaokha, aliyense phazi limodzi pa nyuzipepala, kudikira. Ati bizinesi sinawayenderepo chonchi.

Pobwerera ndalowa m'shopu ya nsapato, ndanyamula imodzi, ndaona mtengo, ndaibwezera mwaulemu. Kunyumba polishi kawiri, nsalu, malovu pang'ono. Zikuwala ndithu.

Wamkulu waimba foni, ndamuuza zokayesedwa Lolemba. "Amayi, musaope, inu mukhoza kugulitsa sofa ngakhale kwa munthu wopanda nyumba." Za koleji sitinamuuze.

Lolemba, 13 Meyi

Pamwamba. Kapeti yomiza phazi, kamphepo kozizira ka makina, makasitomala amapatsidwa tiyi. Zaka zonsezi ndimangosuzumira.

M'mawa zinayenda. Masana kwabwera mayi wina wa magalasi akuda, akazi a bwana akundikodola kuti tenga ameneyo. Wakonda sofa yoyera yaikulu. Ine mwachizolowezi ndagwada, ndaipendeketsa kuti aone matabwa a pansi, ndikumenyamenya. "Iyi, mayi, ndi yolimba, adzakhalapo ndi adzukulu anu. Koma yoyera imada msanga, bwanji yakuda iyo? N'yotsikirako mtengo."

Wavula magalasi. "Mukundiona ngati ndingakhale ndi sofa imodzi mpaka adzukulu?" Wafunsa ngati palibe wina womuthandiza. Kafungo wafika, wangoti, "Yoyera yakukhalani, madamu." Basi. Watenga ziwiri.

Mawu omwewo ndagulitsa nawo masofa kwa anamwino ndi aphunzitsi osawerengeka, amachita kundithokoza. Lero andiphetsa.

Ndikudzuka pamene ndinagwada paja, chidendene chaonekera, ulusi wa osoka uli mbee. Akazi a bwana aona. Kafungo naye maso ake atsikira kumapazi kwanga, kenako wayang'ana kumbali msanga. Sindimuda mwanayu. Wachita zimene ndinamuphunzitsa.

Lachitatu, 15 Meyi

Kuseri. Denga la malata, kutentha, mipando yosanjikizana mpaka kumwamba. Andipatsa kampando ndi chingwe chomangira katundu. Kafungo wanditsitsira tiyi wa pamwamba m'kapu yawo yabwino ija. Ndamwa.

Bambo a ana ati adzamuimbira wamkulu Loweruka kumuuza kuti asiye koleji. Ndawapempha kuti adikire mwezi uthe, mwina kuno ndigulitsa. Angopukusa mutu.

Cha m'ma folo ndamva, "Mayi, nanunso muli kuno?" Aphunzitsi a masamu. Seti yabulauni anaigulitsa kwa mwini nyumba wawo, ati akufuna mipando inayi, alendo asamakhale pansi.

Ndinayang'ana pansi mwachizolowezi. Nsapato zawo ndi zanga, zonse zopolisha bwino, zonse zosokedwa, pa simenti yong'aluka ya kuseri. Ndati, "Khalanipo kaye muuyese, aphunzitsi."

Afunsa mtengo katatu. Atenga iwiri.