Mileme yatipulumutsira nyumba, koma bambo abwereka nkhwangwa

Aphungu,

Sabata ino ndagona tulo koyamba chiyambire nkhani ya msewu waukulu womwe akuuwonjezera kwathu kuno. Pamapu oyamba unkadutsa pabalaza pathu penipeni.

Kumsonkhano womva maganizo a anthu, bambo a kunyumba anavala jekete n'kulankhula mpaka thukuta. Akuluakulu a msewu ankangogwedeza mitu, maso ali pawotchi. Ine ndinangoimirira ndi ukali: "Mukagumula nyumbayo mutengenso mileme ili mumtengo wa kuseriwo. Yatikwana, imatiipitsira zovala pachingwe." Mayi wina wa ku ofesi ya zachilengedwe, yemwe ankasinza, anadzidzimuka: "Mwati mileme? Yochuluka bwanji?"

Anabwera kwathu ndi anzake, n'kumangoyang'ana m'mwamba mpaka makosi kuwawa. Akuti ndi mtundu wosowa ndipo imaswanirana momwemo. Tsopano msewu wakhota, ukadutsa kufakitale yakale yosagwira ntchito.

Vuto ndi ili: bambo akuti anakhotetsa msewu ndi iwo. Dzulo abwereka nkhwangwa, amvekere, "Nkhondo tapambana mayi a ana, tsopano timbalame ta mano iti tisamuke." Ndiwauze bwanji osawachotsa ulemu?

Mayi wa pansi pa mileme

Mayi,

Choyamba pumani. Nyumba yatsala, ndipo simunathyole lamulo lililonse. Ambiri amapita kumisonkhano yotere atanyamula mbiri ya banja lonse, n'kubwerako ndi botolo la madzi basi. Inu munangodandaula za zochapa, mapu n'kusintha. Ena tinakhala zaka kuyunivesite osakhotetsapo ngakhale kanjira ka mbuzi.

Nkhwangwayo ibwerere kwa mwini wake lero, musanatereke n'komwe madzi a tiyi.

Kenako pitani ku ofesi mukapemphe lipoti la zachilengedwe lokhudza msewuwo. Ndi ufulu wanu kuliona. Mupemphenso mayi uja adzafotokoze yekha, bambo ali pomwepo. Amuna athuwa choonadi amachimva bwino chikabwera pagalimoto ya ofesi kusiyana ndi chochokera kukhitchini. Za kulankhula kwawo kuja musawatsutse, asiyeni azikamba kometetsa tsitsi. Muwapatse udindo wa mlonda wamkulu wa mtengo, muona momwe aziyendera. Chingwe cha zovala chisamukire kumaso kwa nyumba, pakuti wosamuka mosavuta ndi chingwe.

Koma chenjerani. Phula lisanathiridwe, mapu ndi pepala chabe. Mtengowo ukagwa, chifukwa chokhotera chagwanso, ndipo omanga misewu amakonda mzere wowongoka kuposa momwe amakondera banja lanu.

Aphungu