Diso Loona Kutentha

Evington, Leicester
14 Juni 2018

Okondedwa Bambo,

Popeza foni yanga simukuyankha, ndati ndilembe kalata, mwina imeneyi muiwerenga. Achimwene a Henderson andiuza kuti mwalamula ndisadzapondeko pa mwambo wa chiliza cha amayi mu Ogasiti, ati chifukwa ndagulitsa dziko langa. Mawu amenewa andilasa mtima, ndipo ndakwiya, sindikubisirani.

Anzanu akale a kubalakisi mumawanyadira kuti mwana wanu amagwira ntchito ya ndege. Zoona zake n'zakuti timapanga diso la ndege zankhondo. Disolo siliona kuwala ngati athuwa, limaona kutentha. Ndege ya adani kapena mzinga ukamabwera, ngakhale uli kutali, limauzindikira ndi moto wakumbuyo kwake, n'kumautsatira kuti woyendetsa azembe kapena ayambe ndiye kuwombera. Zambiri sindiloledwa kunena, ngakhale kwa mwamuna wanga Gabriel.

Chaka chino bwana anatiitana awiri, ine ndi mnzanga Mahmood. Anati, "Gawo latsopano la ntchitoyi ndi la nzika za dziko lino zokha, zopanda unzika wa kwina. Sankhani." Mahmood anayankha pomwepo kuti, "Kwathu sindingakusiye." Ntchito inamuthera, lero akuyendetsa takisi ku Spinney Hills, munthu wanzeru kuposa tonse.

Ine ndinaganiza za Gabriel, amene msana unamuthera ponyamula okalamba, moti ntchito anasiya. Ndinaganizanso za mdzukulu wanu Phoebe. Pakhomo pano wogwira ntchito ndatsala ndekha. Ndinasiya unzika wa Malawi, Bambo. Kodi si inu amene munandiuza pondiperekeza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi? Dziwe lake ndi limeneli, ndipo ndi lozizira.

Kuntchito tikamayesa diso lija, mmodzi amagwira khoma kenako n'kuchotsa dzanja. Pa kompyuta dzanjalo limaonekabe, zala zonse mbee, kenako limazilala pang'onopang'ono mpaka kutsala khoma lokha. Anzanga zimawasangalatsa. Ine masiku ano ndimayang'ana kumbali. Dzulo ndinauza Phoebe kuti tiyimbire agogo, iye n'kufunsa m'Chingelezi kuti, "Agogo ake ati?" Ndikuopa kuti nanunso kumeneko mwayamba kundiiwala chimodzimodzi.

Tikiti ndagula kale. Pa Chileka ndidzaima pamzere wa alendo, kupempha chilolezo choti ndikaone manda a mayi amene anandibereka. Akuti mzere umenewo umachedwa. Mukadzabwera kudzandichingamira, musadzatope msanga, ndidzatuluka ndithu. Mukadzapanda kubwera, njira ya kumanda ndikuidziwa, ndidzaima kumbuyo kwa anthu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Mankhwala a shuga aja musamadumphitse. Gabriel akuti moni. Phoebe ndamuphunzitsa kunena kuti "Muli bwanji, agogo," koma sindikudziwa ngati mudzamuyankhe.

Ndine mwana wanu, ngakhale mundikane,
Atuweni