Timapini Tiwiri

Lolemba, 4 Ogasiti

Kompyuta ya Bambo yakana kuyaka. Amayi ndi amene anandiyimbira foni. Amafuna awayikire Bambo nyimbo zawo zija, mwina angasiye kuyang'ana khoma. Ndadina batani, zii. Fani osazungulira, kanyali osayaka.

Bambo pampando wawo wa pazenera. Chiwagwireni sitiroko, dzanja lamanja langoti gone pamwendo ngati la mwini wake. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakaponya kuseri kwa kabati. Munthu amene anandiphunzitsa kukonza makompyuta, n'kundisiyira shopu, lero supuni ikumukanika. Mtima ukundiwawa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndaitsegulira patebulo la m'chipinda mwawo, poti kushopu kwadzaza za makasitomala. Fumbi lake, ungadzalemo mbewu. Ndayamba ndi kununkhiza mazabodi, bolodi lalikulu lija lomwe zonse zimalumikizikapo. Lamulo lawo lakale: "Mphuno kaye, mita pambuyo." Fungo la kupsa palibe. Chingwe cha magetsi chilibe vuto. Ndayesa ndi pawa sapulayi ina, kabokosi kaja kolandira magetsi, chimodzimodzi.

Potembenuka ndapeza maso awo ali pa manja anga. Osati pakhoma.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndalipeza vuto. Kawaya kochokera ku batani n'koduka, khoswe anakateketa. Mazabodi ilibe mlandu. Kutsimikiza kwake n'kosavuta: umangogunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa timapini tiwiri pomwe pamalowa kawayako, kompyuta n'kudzuka yokha popanda batani. Sikuludiraiva inali kale m'manja.

Ndaibweza patebulo. Kompyuta ikayaka lero, mawa Bambo ayang'ana chiyani?

Kawaya ndakakankhira kuseri kwa zingwe zinzake. Ndawauza kuti yandikanika. Mulungu andikhululukire bodzali.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Dzulo ndi lero, zauchitsiru zokhazokha, mwadala. Kuzula ramu, memore ya kompyuta ija, kuipukuta, kuibwezera. Kusintha kabatire kozungulira kaja komwe kalibe chifukwa. Kenako ndayamba kulowetsa ramu chotembenuza. Bambo anang'ung'udza mpaka Amayi kuthamanga kuchokera kukhitchini, thovu la sopo lili m'manja. "Mwana iwe, matenda anawalephera, ndiye uwamalize ndiwe ndi mkwiyo?"

Koma masana Bambo adya okha ndi dzanja lamanzere. Mbale yonse, mbee.

Makasitomala akundisaka. Adikire, sathawa.

Loweruka, 9 Ogasiti

Zabwerera m'mbuyo. Bambo akana kudzuka. Nditalowa atembenukira kukhoma. Mwina ndapyola muyeso. Mwina akuganiza kuti shopu yawo anasiyira mbuli, zaka zonse zija anangotaya malovu pachabe. Zimenezo ndiye zikundiopsa kuposa dzanjalo.

Ndalirira kubafa, mpopi uli chitsegulire kuti Amayi asamve. Mawa ndingoiyatsa basi, masewera athe.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Sindinaiyatse ine.

Bambo ndawapeza ali kale patebulo, Amayi atawakokera mpando, malaya atawamanga mabatani mpaka m'khosi ngati tsiku la ntchito. Lilime lolemera, mawu amodzi okha: "Mapini." Ndapereka sikuludiraiva kudzanja lamanzere. Apukusa mutu. Lamanja.

Ndawapindira zala pachigwiriro, chimodzichimodzi, monga ankachitira ndi zanga ndili kamtsikana. Ndawagwirira chigongono. Ayesa kugunditsa nsonga pa timapini. Kuphonya. Kuphonyanso. Thukuta pamphumi, mtsempha wa m'khosi utatupa. Ndati tipume kaye, andiponyera diso lija lomwe linkanditontholetsa ndili mwana. Ndangopitiriza kuwagwirira chigongono.

Kenako fani, fuuu! Kanyali kobiriwira. Amayi agwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndangokhala pabedi.

Bambo sikuludiraiva sanaisiye. Pomwe ndimasenda kawaya kaja kuti ndikalumikize, andigogoda nayo pamkono. Mawu anawatengera nthawi, koma atuluka onse:

"Unakaona Lachitatu. Ndinakuona."

Manyazi ake! Ndiye kuti dzulo lonse lija amangodzikonzekeretsa, kapena amandilanga? Sindinafunse. Theka la nkhope yawo limaseka, theka linalo likubwera pambuyo.

Nyimbo sitinayike n'komwe. Apempha kampira kaja. Ndikulemba panomu ndili ndi fumbi la kuseri kwa kabati m'tsitsi, ndipo sindikufuna kulisasa.