Tsitsi Lomwe Analuka Raisibe

Lolemba, 18 Febuluwale

Ndine Ngoako Mothiba, wa zaka 77. Kusukulu sindinapondeko, ndinakulira m'minda ya malalanje. Kulemba ndinaphunzira kutchalitchi imvi zitamera kale, n'chifukwa chake dzanja langa limayenda ngati nkhono. Koma m'nyumba muno mulibenso wamkulu woti ndizikamba naye, ndiye ndizikamba ndi pepala.

Mwana wanga Raisibe tinamuika m'manda kumayambiriro kwa Januwale. Khansa ya m'bere. Anandisiyira mdzukulu, Mosima, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ake, Malesela, amayendetsa malole a kutali, timangomumva pafoni.

Chandivuta ndi tsitsi. Kutacha tsiku lotsatira maliro tonse tinameta monga mwa mwambo, akulu ndi ana omwe. Mosima anathawa. Anakabisala m'khola la nkhuku kwa mnzanga Phuti mpaka alendo onse atabalalika. Mizere ili m'mutu mwakemo anamuluka ndi mayi ake Khirisimasi isanafike, manja atatha kale mphamvu. Ankaluka mzere umodzi, n'kugona, n'kudzuka kulukanso wina. Ndi yokhotakhota ngati njira za mbuzi. Mpaka lero ikadali momwemo.

Lachiwiri, 19 Febuluwale

Mosima akukanda mutu kwambiri. Posamba amavala pulasitiki ya buledi kumutu kuti madzi asafikeko. Ndamuuza kuti tingotsukako pang'ono ndi sopo, osamasula. Wati, "Rakgolo, sopo achotsa manja a mama." Rakgolo ndi mmene amandiitanira, ndiko kuti agogo.

Ndangomupatsa tiyi.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Aimba foni a Nkele, mlongo wa Malesela, amene amakhala ku Tembisa. Ndiwo rakgadi, azakhali ake a mwanayu, ndipo lumo la maliro ndi lawo kugwira. Tsiku lija anadikira ndi lumo m'manja mpaka basi inatsala pang'ono kuwasiya.

Sanazungulire. "Tate Mothiba, mwana wameta?"

Ndati ayi, tikumunyengerera.

"Miyezi iwiri mukunyengerera? Mwana wa mchimwene wanga akuyenda ndi mdima wa maliro pamutu, akulowa nawo m'nyumba za anthu. Ng'ombe tinapereka, tate, mwanayo ndi wa kwathu. Tinamusiya kwa inu chifukwa cha chisoni chanu. Ndikubwera Loweruka la sabata yamawa, pa 2 Malichi. Ndikapeza tsitsi lija likadalipo, ndiye kuti wakukanikani, ndimutenga."

Ndati ndamva, rakgadi. Si munthu woipa ayi. Kuchipatala ku Polokwane ndiwo ankamutembenuza Raisibe ndi kumusambitsa pamene ine ndinkangoima pakhomo ndi chipewa m'manja. Koma akanena, anena.

Akamutenga, m'nyumba muno nditsala ine ndi wailesi.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Kuseri kwa khutu la Mosima kwatuluka chilonda. Ndinachiona akuwerama pomanga nsapato.

Lachisanu, 22 Febuluwale

Wabwera kuchokera kusukulu ndi chitini chobooledwa pamwamba. Akuti Lachisanu likudzali kusukulu kwawo kuli tsiku lometa. Munthu amaponya ndalama, n'kumetedwa mpala pamaso pa anthu, kapena kupoperedwa utoto kumutu ngati ali wamantha. Ndalamazo zimapita kwa madokotala amene akufufuza mankhwala a khansa. Ana awapatsa zitini kuti ayende nazo m'makomo.

Nditamva zometa ndinaona ngati mwayi wapezeka. Ndinafunsa mosamala ngati nayenso ameta. Wati, "Ine ndine wa chitini basi."

Kenako tikudya anafunsa kuti, "Rakgolo, mankhwalawo akufufuza kuti?"

Ndati sindikudziwa, mwina ku Pretoria, m'nyumba zazikulu.

"Chaka chatha kunalinso tsiku lometa. Ine ndinagula aisikirimu ndi ndalama imene mama anandipatsa kuti ndiponye."

Ndinamuuza kuti mankhwala otero sapezeka ndi ndalama ya mwana mmodzi. Anandiyang'ana monga mmene amayang'anira munthu wamkulu akamanama. Sanamalize kudya.

Loweruka, 23 Febuluwale

Tayenda ndi chitini tsiku lonse, iye patsogolo, ine pambuyo ndi ndodo. Mwana amene masiku ano sapereka moni kwa munthu, lero amagogoda geti lililonse. Sapempha mochonderera ayi. Amangoti, "Mama anamwalira ndi khansa, ponyani." Anthu amaponya msanga, maso ali kumbali. Mayi wina anayang'ana mutu wa mwanayo n'kukokera kamwana kake kumbuyo kwa siketi.

Tinathera kwa Phuti. Anali pansi pa mtengo ndi chidebe cha mowa wa mfula, poti ino ndi nyengo yake. Anati, "Ndiponye ndalama kuti andimete? Mulungu anandimeta ulere kalekale, taonani." Anasisita dazi lake. Mosima anatsala pang'ono kuseka. Phuti anaponya ndithu, ndipo mwana anapita kukaona nkhuku.

Ndinamufotokozera za a Nkele. Anati, "Iwe Ngoako, nkhalamba yonseyi ukugonja kwa kamwana kosatha kupukuta mamina? Dikira agone, dula mchira umodzi. Akadzuka n'kuona kuti zawonongeka kale, alira tsiku limodzi, mawa avomera zonse. Mbuzi sitiipempha chilolezo poidula khutu."

Ndati mdzukulu wanga si mbuzi. Anati, "Ndiye kamuperekeze ku basi."

Lamulungu, 24 Febuluwale

Ndachita.

Titabwera kutchalitchi kunatentha, iye anagona pamkeka pakhonde, chafufumimba. Michira ya mizere ija inali pakhosi. Ndinatenga sizasi ya Raisibe m'bokosi la zosokera. Ndinaima nthawi yaitali. Ndinaganiza za chilonda chija, ndi za a Nkele, ndi za nyumba yopanda phazi la mwana. Ndinasankha mchira wa kumapeto, waung'ono kuposa yonse. Sizasi inali yobuntha, sinadule kamodzi. Anadzuka kamchira katangoduka kumene.

Sanalire monga ananenera Phuti. Anagwira pakhosi, anayang'ana chimene chinali m'dzanja langa, n'kuti, "Umenewo ndi womaliza. Analuka akulira."

Analowa kuchipinda cha mayi ake n'kutseka. Ine kamchira kaja ndakaika m'thumba la jekete. Ndi kopepuka ngati nthenga.

Lolemba, 25 Febuluwale

Sanandiyankhule. Wavala duku la mayi ake, lobiriwira lija ankavala tsitsi litathothoka ndi mankhwala. Wapita nalo kusukulu.

Lachiwiri, 26 Febuluwale

Ndinamugulira mandazi pa siteji. Ndawapeza madzulo pazenera, nyerere zili waa.

Lachitatu, 27 Febuluwale

Phuti anabwera kudzafunsa ngati mankhwala ake agwira. Ndamuuza kuti apite asanamve zimene sindinamuuzepo chiyambire unyamata wathu. Atafika pageti anati, "Ine ana anga onse anali aamuna, Ngoako." Ndi kupepesa kwake kumeneko. Koma sizasi sanagwire ndi iye.

Mosima amaphika yekha phala, amatsuka mbale yake yokha. Akafuna mchere ndipo uli pafupi ndi ine, amadya wopanda mchere. Ndayesa kuyamba mawu, koma sindikudziwa poyambira. Kwathu munthu wamkulu sanandiphunzitsepo mmene amapepesera kwa mwana.

Lachisanu, 1 Malichi

Sanandiitane, koma ndinapita. Ndinavala jekete, n'kukhala kumbuyo pabenchi ya makolo.

Kunali nyimbo zaphokoso, ana mitu yobiriwira, ina yofiira. Mphunzitsi wamkulu anametedwa ndevu ndi tsitsi lomwe, ana akukuwa kuti akufanana ndi dzira. Ometa anali atsikana awiri a ku saluni ya m'tauni, ndi makina a magetsi. Tsitsi limangogwa pansi, la uyu ndi la uyo pamodzi, bambo wina n'kumasesera m'thumba lakuda la zinyalala. Ndinadabwa. Tsitsi la munthu kulisiya choncho kuti aliyense atole.

Ana anapereka zitini. Aphunzitsi ake a Mosima, Mayi Ledwaba, ananena pa chimkuzamawu kuti chitini chake ndicho cholemera kuposa zonse. Anthu anaomba m'manja. Iye sanabwerere pamzere. Anapita molunjika pampando wometera, anakhala, n'kuvula duku.

Phokoso la ana linatsika. Aka kanali koyamba ambiri kuona mmene mutuwo wafikira. Mtsikana wometa anayang'ana zilonda, anayang'ana aphunzitsi. Mayi Ledwaba anagwada pambali pa mpando, ndipo ine ndinali nditasendera pafupi moti ndinamva.

"Mosima, palibe akukukakamiza, mwanangu. Wapereka kale zambiri."

"Anawononga kale, aphunzitsi. Ingometani. Koma mzere uliwonse muchotse pawokha, usagwe pansi."

Anatambasula duku pamiyendo. Mtsikana uja anali ndi dzanja labwino, Mulungu amudalitse. Ankalowetsa makina pansi pa mzere pang'onopang'ono, mzere n'kuchoka wathunthu, iye n'kuuika padukupo. Tinyenyeswa tina tinagwa ndithu. Bambo wa tsache atayandikira ndinaponda tsachelo ndi nsapato. Anati, "Mdala, mwatani?" Ndati tsitsi ili lili ndi eni ake. Ndinagwada, mawondo akulira, n'kutola ndi zala.

Atamaliza, mutu unali waung'ono, wotuwa, ngati wa Raisibe masiku omaliza. Ndinatulutsa kamchira kaja m'jekete, pamodzi ndi zimene ndinatola, n'kumupatsa. Analandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira, koma nkhope sanandiyang'ane. Anamanga duku mfundo.

Pobwerera anayenda patsogolo, mutu uli padzuwa. Ndinafuna kumuveka chipewa changa. Ndinaopa.

Loweruka, 2 Malichi

A Nkele afika ndi takisi ya m'mawa, atanyamula nkhuku yozizira ya m'sitolo ndi nsapato zatsopano za mwana. Ataona mutu anaima pageti.

"Wameta ndani?"

Ndinafotokoza za kusukulu. Anapukusa mutu. "Maliro a mlamu wanga kumetedwa ndi mtsikana wa ku saluni, nyimbo zikulira? Tate Mothiba, inunso." Koma mawu awo anali ofewa. Anaitanitsa madzi m'beseni, anamugwaditsa Mosima pakhonde, anayendetsa lumo lawo pamphumi ndi pakhosi pomwe panalibenso chometa, akutchula maina a akufa a kwawo ndi a kwathu. Anatsuka zilonda ndi madzi a mchere. Mwana sanagwedezeke.

Atatha anasamba m'manja n'kuti, "Basi, mdima wachoka. Ndinanena kuti ndikapeza tsitsi ndimutenga. Sindinalipeze. Akhale, amalize sukulu yake konkuno."

Ndinayamba kuthokoza.

Mosima anati, "Rakgadi, ndipita nanu."

A Nkele anati, "Iwe, agogo akowa uwasiyira ndani? Kwathu n'kopanikiza, ugona ndi ana atatu pabedi limodzi."

"Ndigona pansi."

"Wakulakwira chiyani mkuluyu?"

A Nkele anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kukhala chete, mwanayo sakanandiulula. Ndinanena ndekha za sizasi. A Nkele anakhala pampando, kenako anati, "Ndinakupanikizani ndine." Ndati dzanja linali langa.

Anayesa kumunyengerera mpaka madzulo. Mwana wa Raisibe akati ayi, ndi ayi. Agwirizana kuti apite mpaka tchuthi cha Pasaka, zikatero tidzaone. Mawu akuti tidzaone ndimawadziwa.

Lamulungu, 3 Malichi

Takisi inyamuka dzuwa likakwera pang'ono. A Nkele akusita zovala. Ine ndili kuseri kwa nyumba, ndikulemba mofulumira mmene dzanja lingathere.

M'mawa uno Mosima anabwera pomwe ndimamwa tiyi. Anaika duku lomanga mfundo lija patebulo, pafupi ndi kapu yanga. Anati, "Ku Tembisa ana aja angaseweretse. Musataye. Musakwirire." Mawu oyamba kwa ine chichokere Lamulungu lapita. Ndisanatsegule pakamwa anali atatuluka.

Bukuli ndimalembera ine ndekha, koma ndiliika pansi pa zovala m'chikwama chako, Mosima. Sinding'amba tsamba ngakhale limodzi, uwerenge zonse, ndi za Phuti zomwe. Zilembo zanga n'zokhota, uziwerenga pang'onopang'ono. Ndinadula chifukwa ndinkaopa kutsala ndekha. Ndinalakwa, mdzukulu wanga. Pakamwa pandikanika, ndiye ndanena pano.

Duku ndaliika m'bokosi la mayi ako, pamwamba pa diresi la buluu. Mwambo umati tsitsi la maliro likwiriridwe mwezi usanathe, ndipo anthu adzandifunsa. Ndidzawauza kuti mwini wake sananene. Kumapeto kwa bukuli kwatsala masamba oyera. Ung'ambe limodzi, undilembere chochita nalo tsitsili, upatse rakgadi atumize. Ngakhale mzere umodzi. Ulembe zilembo zikuluzikulu, maso anga masiku ano ndi ofooka.

A Nkele akuitana kuti chikwama chitsekedwe.