Masentimita Atatu a Torquil

Derby, pa 19 Epulo

Okondedwa achemwali anga a Ishbel,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga a Finlay. Nanga chifuwa cha amayi chija chinatha? Pafoni amandiuza kuti ali bwino, koma ndimawamva akutsokomola asanaike foni pansi. Mundiuze zoona ndinu. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lamanzere layamba kundiwerengera zaka kukazizira.

Phukusi lanu linafika. Juzi yandikwana pachifuwa, koma mikono mwaitalikitsa ngati mumalukira mng'ono wathu Torquil. Ndikungoipinda. Soseji yamagazi ija ndinadya masiku anayi, chifukwa wondithandiza panalibe.

Mudabwa kulandira kalata pamene tinalankhulana Loweruka lomweli. Pafoni ine ndimangotha kukamba za mvula ndi nkhosa. Nkhani iyi ndaiyamba katatu, ndipo katatu konse ndathawira ku nkhani ya nkhosa, ndiye ndati bola pepala, silindiyang'ana kumaso.

Kufakitale zinthu zili chimodzimodzi. Mnzanga amene ndinkadya naye masana uja anapuma pantchito n'kusamukira kwa mwana wake. Masiku ano ndimadyera panja pabenchi, ine ndi nkhunda.

Tsono nkhani ndi iyi: galimoto ija yatha. Ija inabwera m'makatoni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, chimango pachokha, mabawuti m'timatumba, ndi buku lofotokoza mamangidwe, imene amayi ataona chithunzi anati ndi bafa la matayala. Injini ikulira bwino, magetsi onse akuyaka. Andipatsa tsiku lokaiyezetsa kwa oyeza magalimoto a boma, pa 16 Meyi. Galimoto yomanga wekha sailola pamsewu, ngakhale kungoiimika chabe, mpaka iwowo ataivomereza n'kuipatsa nambala.

Vuto n'lakuti magalaja athu aja agulitsidwa, ndipo kumapeto kwa Meyi awagwetsa kuti amangepo nyumba. Ikakanidwa pa 16, tsiku lina loyezetsa silingapezeke galaja isanagwe. Ine ndimakhala m'chipinda cham'mwamba, galimoto sindingakwere nayo masitepe. Ndiye kuti ndidzaimasula ndi manja anga omwewa n'kuigulitsa chidutswachidutswa.

Oyezawo alibe chibale. Amatenga mpira wolimba, waukulu ngati bondo la mwana, n'kumaugubuduza pathupi lonse la galimoto. Paliponse pamene mpirawo wakhudza pakhale posalala, popanda nsonga yoti n'kucheka munthu. Milungu itatu iyi ndakhala ndikupala m'mphepete mwa zitsulo ndi tupa, n'kumaveka mabawuti tizipewa ta labala. Taposa zana tizipewato. Zala zanga zachita matuza, koma ntchito imeneyo sindidandaula nayo, chifukwa munthu amaigwira yekha.

Imene inandilaka ndi ya mabuleki. Kuchotsa mpweya m'mabuleki ndi ntchito ya anthu awiri, wina pampando kupopa ndi phazi, wina chagada pansi kutsegula ndi kutseka kanati kotulutsira mpweyawo. Ndinayesa kuchenjera, ndinapanikiza chopondera ndi mtengo wa tsache. Tsache linateleleka, mafuta onse kumaso kwanga. Ndinatuluka panja, ndinatsegula foni, n'kuyamba kuyang'ana maina mmodzimmodzi. Achemwali, zaka makumi awiri ndi zitatu m'tauni muno, sindinapeze munthu woti ndingamuitane popanda manyazi kuti adzandibwereke phazi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndinaziona tsiku limenelo.

Amene anandipulumutsa ndi mayi Bhamra, amasiye aja okhala pansi pa chipinda changa, akuchokera kogula anyezi. Anandifunsa kuti ndaferedwa kodi, popeza ndinangoti ndwii pakhomo la galaja. Nditawafotokozera anaika thumba pansi n'kunena kuti phazi ali nalo, ngakhale ndi la zaka makumi asanu ndi awiri.

Kulowa kokha kunatenga nthawi, paja galimotoyi ilibe zitseko. Atakhala anayang'ana kumwamba n'kufunsa kuti wopenga ndani, ine kapena amene anandigulitsa galimoto yopanda denga m'dziko la mvula ngati lino. Ine ndili pansi ndinayamba kukuwa kuti popani, gwirani, popaninso. Iwo anati ndisawakalipire, si akazi anga, ndipo tsopano amvetsa chifukwa chake ndilibe mkazi. Ndinaseka mpaka sipanala inandigwera pamphuno. Mabuleki analimba ndithu.

Ndikuwatulutsa, anandifunsa za mnyamata wamtali uja amene ankaimba masalimo m'chinenero chakwathu akuwotcherera. Anati galaja inangoti zii chichokereni iye. Ndinayankha kuti ali kumudzi, akuweta nkhosa. Iwo anati sanamvepo kuti nkhosa zimaletsa munthu kuyendera mbale wake zaka ziwiri zathunthu. Anatola anyezi wawo n'kumapita.

Lachitatu lapitali kunabwera a Pargeter, mkulu wa kalabu yathu ya omanga magalimoto. Iwowo anayezetsapo magalimoto atatu, onse anavomerezedwa, ndiye aliyense amawaitana kuti adzaone zolakwika tsiku lisanafike. Anazungulira galimoto, anaseka tizipewa tanga kuti mabawuti avala ngati makanda opita ku ubatizo, anayamikira mawaya. Ine mtima unayamba kukhala pansi.

Kenaka anaika kathabwa pampando n'kukoka tepi yoyezera kuchokera pamenepo kufika pachitsulo chakumbuyo kwa phewa, pomwe pamamangiriridwa lamba. Anayeza kawiri. Anavula magalasi. Anati mwana wanga, lamba wako watsika ndi masentimita atatu, ndipo izi ngakhale woyeza wa diso limodzi adzaziona asanamwe tiyi. Anati ukagunda chinthu, lamba wotsika choncho amakukanikizira msana pansi m'malo mokugwira. Chitsulo chonsecho chiyenera kudulidwa, kukwezedwa, n'kuwotchereredwanso.

Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, ndipo aka si koyamba kumva.

Apa ndiye pali chimene ndalembera kalatayi. Inu ndi amayi mumadziwa kuti Torquil anabwerera kumudzi chifukwa cholakalaka kwawo. Ndinakuuzani choncho ndine, ndipo iye sananditsutse. Linali bodza.

Mukukumbukira kuti atasiya ntchito ya m'boti anadzakhala nane zaka zinayi. Galimotoyi tinkamanga tonse, Loweruka lililonse. Tsiku lina ndinagula mipando ina yokhuthala, yofewa, chifukwa ija yobwera ndi galimoto inkandipweteka msana. Torquil anangoiyang'ana n'kunena kuti mipando imeneyi ikweza munthu, ndiye lamba atsika, oyeza sadzalola. Anati tisankhe, tibwezere mipando yakale kapena akweze chitsulo tsiku lomwelo tisanaiveke galimoto thupi lake.

Ine ndinakana. Anabwerezanso, mofatsa, monga mumamudziwira. Anatenga tepi kuti andionetse. Pamenepo ndiye ndinapsa mtima, kuti mwana amene ndinkamupukuta mamina andiphunzitse ine kuyeza. Ndinamuuza kuti galimoto ndi yanga, galaja ndi yanga, chakudya chimene amadya ndi changa, ndipo iye pano ndi waganyu chabe, agwire zimene wauzidwa.

Anavula chigoba chake chowotcherera n'kuchikoloweka pamsomali. Anasesa galaja yonse bwinobwino, mpaka m'makona. M'mawa mwake anakwera basi ya kumpoto. Ine, m'malo momutsatira, ndinanyamula mipando yakale ija n'kukaitaya kudzala la mzinda, kuti aone kuti sindibwerera m'mbuyo. Aone ndani, poti munthu anali atapita kale? Uchitsiru wanga unafika pamenepo.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Kwathu kuno agonera ndi a mng'ono, zaka ziwiri, ndipo sakukoma ayi, akuwawa.

Pali chinanso. Oyeza amafuna zithunzi zosonyeza kuti galimoto unamangadi wekha, osati kugula yomangamanga. Ndinakhala pansi Lachisanu kusankha zoti nditumize. Zilipo zoposa mazana awiri. Torquil akuwotcherera chimango. Torquil akulowetsa injini, lilime panja. Torquil wagona pansi, kukuoneka nsapato zokha. Ine mulibemo ngakhale chimodzi, paja ndinkagwira kamera ndine, n'kumalamula. Pena pakuoneka chala changa chikuloza. Ndinaziyang'ana mpaka tiyi anazizira, ndipo ndisakubisireni, ndinalira.

Sindikufuna kukunamizani kachiwiri, ndiye ndinene izi poyera. Wowotcherera wina alipo. A Pargeter andilembera nambala ya munthu amene angathe ntchitoyi masana amodzi. Ine ndekha sindingayerekeze, kuwotcherera kwanga kumaoneka ngati zitosi za nkhuku, Torquil ankatero ndipo sankanama. Choncho si kuti galimoto singayezedwe popanda iye. Kapepala ka nambalako kali m'thumba la ovolosi masiku atatu tsopano, ndipo dzanja likukana kuimba. Chimango chonsecho anawotcherera ndi munthu mmodzi. Sindikufuna dzanja lachilendo pamalo omaliza, pomwe iye anapempha kukonza ine n'kumutukwana.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa Torquil, osati pafoni, mupite ndi miyendo yanu. Musamupeze ali pakati pa anthu, mumudikire akuchokera kunkhosa. Mumuuze kuti Murdo akuti unanena zoona, lamba watsika ndi masentimita atatu. Mumuuzenso kuti mawu aja a waganyu ndawabweza, ndipo ndikuchita nawo manyazi tsiku lililonse. Ngati angafune kuwerenga yekha, mumupatse kalatayi, palibe chimene ndikubisa. Ndikanamulembera mwini wake, koma ndikuopa kuti akaona kalembedwe kanga pa envelopu aiponya pamoto, ndipo sindingamuimbe mlandu. Inu amakumverani, munatilera tonse.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yoti nkhosa zikuswa, sangachoke lero kapena mawa. Koma pofika kumayambiriro kwa Meyi zimakhala zitatha. Ndidikira mpaka pa 9. Akawoloka pa sitima yapamadzi ya m'mawa n'kulumikiza basi, ndidzamuchingamira pa siteshoni ya basi tsiku lotsatira, ndipo chipinda chake chili momwe anachisiyira, kungoti ndaunjikamo matayala awiri amene ndichotsa. Likadutsa tsiku limenelo ndidzaimbira munthu wa a Pargeter, chifukwa galimotoyi ndi yakenso, sindingailole kuti ikathere m'makatoni.

Akakana, musamukakamize, ndipo musamukalipire. Mungondiuza kuti uthenga unafika. Amayi musawauze kaye zonsezi, ndidzawauza ndekha ndikadzabwera, kuti adzandikalipire pamaso.

Fomu yomaliza yoyezetsera, yopita pamodzi ndi zithunzi zija, ndinatumiza dzulo. Pamene amafunsa dzina la womanga galimoto ndalembapo maina awiri, ndipo loyamba ndi lake. Abwere, asabwere, fomu yapita kale, singabwerere.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti avale mpango akamapita kutchalitchi, mphepo ya kumeneko sinyengerera nkhalamba. Moni kwa alamu a Finlay, ndamva kuti thirakitala yawavutanso, muwauze kuti ayang'ane sefa ya mafuta asanatukwane injini. Moni kwa ana anu Catriona ndi Seonag, ndiponso kwa azakhali a Effie ngati akundikumbukirabe.

Kwa Torquil sindikutumiza moni wapapepala, ndikufuna ndidzamupatse ndi dzanja. Mungomuuza kuti mpando wakumanzere ndinauika pomwe iye anamangira wakale uja, kumbuyo kwenikweni, pa muyeso wa miyendo yake yaitali ija. A Pargeter anati ndiusendeze kutsogolo, palibe munthu wina angakhalepo bwino. Ndinawauza kuti ndikudziwa.

Ndine mlongo wanu wouma mutu,

Murdo